MABVUTO A WELENSKY PA MPANDO WA CITAGANYA

Mau onenedwa pa msonkhano ku Malambo, m'boma la Mambwe. Tawalemba pano kuti abale athu a m'makomboni awerengeko.

Kwaca! Ngwee!



Lero tifuna kukamba za munthu amene ana a masiku ano sadziwa bwino mbiri yace, koma agogo athu analikuchula dzina lace ndi mkwiyo. Munthuyu ndi Sir Roy Welensky, amene anali Nduna Yaikuru ya Citaganya kuyambira mu November 1956 kufikira tsiku lomariza la December 1963. Citaganya ndi boma lija limene Azungu anapanga mu 1953 pomanga pamodzi maiko atatu: Northern Rhodesia, amene lero ndi Zambia, Southern Rhodesia, amene ndi Zimbabwe, ndi Nyasaland, amene ndi Malawi. Zaka 7 zimene Welensky anakhala pa mpando zinali za mabvuto okhaokha, m'Boma ndi m'cipani cace comwe. Iye mwini analemba buku mu 1964 lonena kuti Angelezi ndiwo anampereka. Ife tiona kuti bvuto lace linali lina. Analikulamulira anthu akuda oposa 7 miliyoni, koma amene anamuika pa mpando, ndi amene akanatha kumcotsapo, anali Azungu osapitirira kwenikweni 300,000 powerenga ndi ana omwe. Khutu lace linali kwa iwowo.

Inu anchito mvetsetsani kumene munthuyu anacokera, cifukwa sanabadwire m'nyumba ya cuma ai. Anabadwa mu 1907 ku Salisbury, kumene makolo athu analikuti ku Halale, m'banja losauka la ana ambiri. Atate ace anali Myuda wocokera ku Lithuania, amai ace anali Mbunu, ndipo anamwalira iye ali ndi zaka 11. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 14. Analowa nchito ya pa njanji, yothira malasha m'ng'anjo ya sitima, ndipo analikumenyanso nkhonya kufikira anakhala katswiri wa Rhodesia. Pambuyo pace anakhala woyendetsa sitima ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, natsogolera bungwe la anchito a pa njanji. Mu 1938 Azungu a kumeneko anamsankha kulowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1941 anayambitsa cipani cimene anacicha ca Labour, ndiko kuti ca anchito.

Koma anchito ace anali ati? Anali Azungu okha. Bungwe lace linalikumenyera kuti nchito yoyendetsa sitima ndi yothira malasha ikhale ya Mzungu. Munthu wakuda anyamule njanji, akumbe, asese m'siteshoni, koma asakwere pa injini monga mwini nchito. Welensky anadziwa umphawi, anadziwa kuwawa kwa thukuta, koma cimene anaphunzirapo ndi mantha akuti munthu wakuda akaphunzira nchito yomweyo, Mzungu wosauka adzagwa. Mantha amenewa ndiwo anamkweza, ndipo anakhala nawo kufikira pa mpando waukuru.

Tisabise zabwino zace. Iye ndiye analimbana kolimba ndi kampani ya British South Africa Company, imene inalikudya ndalama za mkuwa wathu cifukwa ca mapepala akale a mu nthawi ya Rhodes. Pomafika 1950 kampaniyo inabvomera kupereka ku Boma gawo limodzi mwa magawo 5 a ndalamazo. Cimeneco cinali cinthu. Komatu munthu yemweyo mu 1949 anakhala pansi ku Victoria Falls ndi Godfrey Huggins wa ku Southern Rhodesia kupangana za Citaganya, popanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe pa msonkhanowo. Anthu athu anakana poyera. Mu 1953 a Harry Nkumbula anatentha pepala la Citaganya pamaso pa khamu ku Lusaka. Congress inaitanitsa masiku awiri a mapemphero kuti anthu asapite ku nchito, koma bungwe la anchito a m'migodi, limene analikutsogolera a Lawrence Katilungu, silinalowe nawo, ndipo zinalephereka. Citaganya cinabadwa ngakhale eni dziko anacikana.

Azungu anacipatsa dzina lokoma lakuti ndi cigwirizano ca mitundu. Huggins, amene anali Nduna Yaikuru yoyamba, anafanizira cigwirizanoco ndi ca kavalo ndi womkwera. Kuno ku cigwa kulibe akavalo, cifukwa ca kashembe, koma palibe anafunsa kuti wokwera ndani ndi wokweredwa ndani.

Nanga kuno ku Malambo Citaganya cinaoneka bwanji? Masiku amenewo dziko la Akunda, la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro, linali kutali ndi zonse. Mvula ikagwa, Lupande ndi Lutembwe zikadzaza, njira ya ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, inalikutsekeka. Amuna analikucoka kukafuna ndalama ya msonkho, ena ku minda ya fodya ya Azungu kumtunda, ena ku migodi, ena ku Halale ndi ku Wankie, ndipo ambiri anakhala machona. Za misonkho ya m'midzi, za sukulu za ana akuda ndi za malamulo a nyama zinatsala m'manja mwa Bwanamkubwa ku Lusaka. Koma zipatala, asilikari, njanji, positi ndi msonkho waukuru wa makampani zinapita ku Boma la Citaganya ku Salisbury. Tsono ndalama za mkuwa, mamiliyoni ambiri a mapaundi, zinatsikira kum'mwera. Nyumba zazitali zinamera ku Salisbury, kotero kuti ngakhale Azungu a kuno anaucha mzindawo Bamba Zonke, ndiko kuti tenga zonse. Damu la magetsi limene anthu analikuyembekeza pa Kafue linasamutsidwira ku Kariba mu 1955, ndipo Atonga okwana ngati 57,000 anacotsedwa m'midzi yao. Mu 1958 apolisi anaombera ndi kupha anthu 8 ku Gwembe pokana kusamuka.

Apa tipatuke pang'ono. Mu 1950 Mfumu Nsefu inabvomerezana ndi Norman Carr kupatula malo oti alendo azidzaona nyama, ndipo ndalama zimene alendo analikulipira zinalikulowa m'thumba la boma la Akunda. Zinali ndalama zocepa, inde, koma zinalikubwerera kwa eni nthaka. Za mkuwa zija sizinatero.

Welensky atalowa pa mpando mu 1956 anali ndi colinga cimodzi: kuti pomafika 1960 Citaganya cilandire ufulu wace kwa Angelezi ulamuliro ukali m'manja mwa Azungu. Mu 1957 anakuza Nyumba ya Malamulo ya Citaganya kucokera pa mipando 35 kufika pa 59. Mipando ya anthu akuda inakwera kucokera pa 6 kufika pa 12, koma ambiri a iwo analikusankhidwa ndi mavoti a Azungu. Kuti munthu wosaphunzira kwambiri alembedwe m'kaundula wamkuru wa ovota, anayenera kulandira mapaundi 720 pa caka. Tifunse inu a m'makomboni: ndi agogo a yani analikulandira ndalama zotere pa munda wa fodya kapena pansi pa mgodi? Kabungwe kamene kanaikidwa kuti kaziteteza anthu akuda m'Nyumbamo kanadandaula ku London kuti lamuloli ndi la tsankho, koma London inangolola.

Caka comweco ca 1957 cipani cace cinaphatikana ndi ca ku Southern Rhodesia, nicichedwa United Federal Party, mwacidule UFP. Apa ndipo panayambira mabvuto a m'nyumba. Kumbali ina kunali cipani ca Dominion, ca Azungu ouma mtima koposa, cimene cinalikuti Welensky alikulekerera anthu akuda. Mkati mwa UFP munali Garfield Todd, Nduna Yaikuru ya Southern Rhodesia, mmishonale amene anafuna kuonjezako pang'ono anthu akuda ovota ndi malipiro a anchito. Nduna zace zinamuukira, ndipo mu February 1958 cipani cinamcotsa ndi kuika Edgar Whitehead. Welensky sanamteteze Todd. Anawerenga mavoti a Azungu, naona kuti kumsunga Todd ndi kupereka mpando kwa a Dominion. Anthu akuda amene anali ndi kacikhulupiriro pang'ono pa cigwirizano cija anaona okha kuti ngakhale Mzungu akanena za kusintha pang'ono cabe, alibe malo m'cipanimo. Pa masankho a Citaganya a mu November 1958 UFP inapambana kwambiri. Welensky anaiwala mau a akuru akuti ukakwera pa msana wa njobvu usamati kulibe mame.

Mame anagwa mu 1959. A Dr Hastings Banda anali atabwerera ku Nyasaland mu July 1958, ndipo kuno a Kenneth Kaunda, a Simon Kapwepwe ndi anzao anali atayambitsa Zambia African National Congress mu October caka comweco. Boma linafalitsa mbiri yakuti Congress ya ku Nyasaland yapangana zopha Azungu. Asilikari a Citaganya anatumizidwa kumeneko. Pa 3 March 1959 analengeza lamulo la nthawi ya ngozi, a Banda anawatengera ku ndende ya Gwelo, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa m'dzikomo, ambiri a iwo ku Nkhata Bay. Mwezi womwewo cipani ca a Kaunda cinaletsedwa ndipo atsogoleri anawapitikitsira ku madera akutali. Koma woweruza wa Cingelezi, Devlin, atafufuza, analemba mu July kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, kuti ciwembu copha Azungu onse cija sanacipeze, ndiponso kuti pafupifupi munthu ali yense wakuda alikucikana Citaganya. Mfuti zija zinamuonongera Welensky mlandu wace ku Mangalande.

Tsopano mvetserani za Angelezi, cifukwa kumenekonso kunali Nduna Yaikuru ya mabvuto ace. Harold Macmillan analikutsogolera cipani ca Conservative, ca anthu osakonda kusintha zinthu msanga, ndipo Welensky analikuciyesa cipani ca abwenzi ace. Koma Macmillan anali atawerengera mtengo wosunga maiko ndi mfuti, ataona za Mau Mau ku Kenya ndi nkhondo ya Afalansa ku Algeria. Atapambana masankho mu October 1959 anaika Iain Macleod kukhala nduna yoyang'anira maiko a pansi pa Britain. Pa 3 February 1960 ku Cape Town ananena za mphepo ya kusintha imene ilikuomba mu Afirika. Pa 1 April Macleod anamasula a Banda, Welensky asakufuna. Mu October bungwe la Monckton, limene linatumidwa kudzamva maganizo a anthu, linalangiza kuti dziko lofuna kuturuka m'Citaganya lipatsidwe mpata, ndi kuti anthu akuda acuruke m'Nyumba ya Malamulo ya Northern Rhodesia. Welensky anapsa mtima, nati anamlonjeza kuti nkhani yoturuka siidzakambidwa konse.

Nkhondo yeniyeni inali pa dziko lathu lino, cifukwa mkuwa unali kuno. Nyasaland akanatha kuitaya osalira, koma popanda migodi Citaganya cinalibe cakudya. Mu February 1961 kunali msonkhano ku London wokonza malamulo atsopano a Northern Rhodesia. A Kaunda anapitako m'dzina la UNIP, cipani cimene a Mainza Chona ndi anzao anayambitsa mu 1959 iwo akali m'ndende. A Nkumbula anapitako m'dzina la Congress. UFP inakana kulowamo. Welensky anaitana Azungu a kuno kuti abvale za usilikari, ndipo panamveka kuti Angelezi alikusonkhanitsa ndege ku Nairobi. Kwa masiku angapo zinaoneka ngati Azungu awiriwa adzaomberana okhaokha. Macleod anaturutsa njira yobvuta kuimvetsa: mipando 15 ya kaundula wapamwamba, kumene Azungu anacuruka, mipando 15 ya kaundula wapansi, wa anthu akuda, ndi mipando 15 imene munthu anayenera kupeza mavoti a mitundu yonse iwiri.

Welensky anathamangira kwa abwenzi ace m'cipani ca Macmillan. Aphungu ambiri a Conservative anasaina pepala lotsutsa Boma lao lomwe, ndipo mu March Lord Salisbury, mkuru wolemekezeka m'cipanimo, ananyoza Macleod poyera kuti ndi wocenjeretsa. Macmillan anacita mantha kuti cipani cimgawikira m'manja. Mu June 1961 anasintha mawerengedwe a mipando 15 yacitatu ija mokomera UFP. Welensky anabwerera akumwetulira.

Kumwetulira kwace sikunathe miyezi iwiri. UNIP itakumana ku Mulungushi mu July, anthu anayamba Cha Cha Cha. Ku Northern Province ndi ku Luapula anatseka miseu ndi mitengo, anagwetsa milatho, anatentha zitupa ndi nyumba za Boma. Anthu oposa 20 anaphedwa, ndipo zikwi anamangidwa. London inaona kuti malamulo a mu June sangayende popanda kukhetsa mwazi caka ndi caka. Reginald Maudling, amene analowa m'malo mwa Macleod, anawasinthanso mu February 1962. Cimene Welensky anapata ndi aphungu a ku London, anthu a m'midzi anacibweza ndi nkhwangwa zao.

Za ku Katanga tingochula. Welensky anathandiza Moise Tshombe amene anafuna kupatula dziko la migodi ku Congo, ndipo ndege ya Dag Hammarskjöld, mkuru wa United Nations, itagwa pafupi ndi Ndola mu September 1961, maiko ambiri anamuyang'ana ndi diso lokayika. Abwenzi anamcepera.

Caka ca 1962 ndico cinathyola cipani cace. UFP inayesa kukopa anthu akuda kuti alowemo. Analipo ena, monga a Godwin Lewanika, amene kale anali mtsogoleri woyamba wa Congress, koma khamu silinabwere. Pomwe analikukopa akudawo, Azungu a ku Southern Rhodesia anamthawa, napanga cipani ca Rhodesian Front mu March. Mapanga awiri abvumbwitsa. Mu April Welensky anaitanitsa masankho a Citaganya kuti aonetse London kuti anthu ali naye. Zipani za anthu akuda zinakana kulowamo, Rhodesian Front nayonso inakana. Anatenga mipando 54 mwa 59, koma m'malo ambiri munthu wace analibe wopikisana naye, ndipo ku London anangoseka.

Zitatero maiko anamcoka limodzi limodzi. Ku Nyasaland Malawi Congress Party inali itapambana kale mu August 1961. Kuno masankho anacitika pa 30 October 1962. Kum'mawa kuno, kwao kwa a Reuben Kamanga ndi a Grey Zulu, anthu anaima ndi UNIP. Zonse zitatha UFP inali ndi mipando 16, UNIP 14, Congress 7. UFP inali itathandizana ndi a Nkumbula pa masankhowo, ndipo inaganiza kuti adzapanga nayo Boma. Koma mu December a Nkumbula anagwirana manja ndi a Kaunda, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu akuda anatsogolera Boma ku Lusaka. Mwezi womwewo Azungu a ku Southern Rhodesia anagwetsa Whitehead ndi kuika Winston Field wa Rhodesian Front. Tangoganizani: Nduna Yaikuru ya maiko atatu, koma cipani cace cosalamula ngakhale dziko limodzi mwa atatuwo! Akuda anamkana cifukwa anawamana voti, Azungu anamkana cifukwa anaganiza kuti sawamana mokwanira.

Pa 19 December 1962 R. A. Butler, nduna imene Macmillan anaipatsa nkhani za Citaganya, analengeza kuti Nyasaland iturukamo. Mu March 1963 anauza Welensky ku London kuti Northern Rhodesia nayonso iri ndi ufulu woturuka. Tsiku limenelo Welensky anaitanidwa kukadya kwa Macmillan, koma anakana, nati sangadye cakudya ca anthu amene ampereka. UFP inaphwasuka caka comweco, dziko liri lonse ndi kacidutswa kace. Kuno otsala anadzicha National Progress Party, pansi pa John Roberts. Msonkhano wogawa katundu wa Citaganya unacitikira ku Victoria Falls mu June ndi July 1963, malo omwe aja kumene anacipangana mu 1949. Macmillan naye anatula pansi udindo mu October, akudwala ndiponso cipani cace ciri pa mikangano. Pa 31 December Citaganya cinatha, ndipo m'makomboni ena anthu anacicitira maliro acipongwe ndi bokosi.

Mu January 1964 munthu wamkuru ali yense anavota, mwamuna ndi mkazi, wa citupa ca mgodi ndi wa khasu, wa ku Matero ndi wa kwa Msoro. Panalibenso wofunsa za mapaundi 720. UNIP inatenga mipando 55 mwa 75, ndipo pa 24 October 1964 mbendera ya Zambia inakwera.

Welensky anayesanso kamodzi. Mu October 1964 anapikisana nawo pa mpando wa Arundel ku Salisbury pofuna kuletsa Ian Smith, amene anali atalowa m'malo mwa Field, kuti asalande ufulu mwa mphamvu. Pamenepa analondola, ndipo tiyenera kunena. Koma Azungu omwe aja amene anawatetezera nchito zao kuyambira pa njanji ya ku Broken Hill anamkuwiza m'misonkhano, namtukwana kuti ndi wopereka mtundu, namnyoza cifukwa ca Ciyuda cace. Anagonja kwa Clifford Dupont. Smith analengeza ufulu wace wakuba pa 11 November 1965. Welensky anasamukira ku England mu 1981, namwalira komweko pa 5 December 1991.

Pa kugawa katundu kuja ku Victoria Falls, pafupifupi ndege zonse za nkhondo za Citaganya zinapatsidwa kwa Southern Rhodesia. Maiko ena a mu Afirika anadandaula, nkhani inafika ku United Nations mu 1963, koma Britain inaitsekereza. Ndege zimenezo zinagulidwa masiku amene ndalama za mkuwa wathu zinalikutsikira ku Salisbury, mkuwa umene ana a ku Malambo analikukumba nawo ku Nkana ndi ku Luanshya. Mu October 1978 ndege za Smith za mtundu wa Canberra, zocokera m'gawo lomwelo, zinaoloka Zambezi ndi kuponya mabomba pa msasa wa anthu a ku Zimbabwe ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndipo anthu mazana anafa.